PHUNZIRO LA MWEZI UNO: KULANKHULA NDI MWANA WA KU KOLEJI AMENE ALI PA MAVUTO

Mwana akasankhidwa kupita ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu kapena ku sukulu ya zauphunzitsi, mudzi wonse umakondwera. Koma makolo ambiri sadziwa kuti kumeneko mwana amasenza katundu wolemera. Ndalama za fizi, za lendi ndi za chakudya zimaperewera, maphunziro amalimba, ndipo wolephera mayeso amaopa kuchotsedwa sukulu. Matenda ambiri a maganizo amayamba munthu asanafike zaka 25. Nchifukwa chake kholo liyenera kukhala tcheru.

ZIZINDIKIRO

1. Mwana waleka kuimba foni, kapena akabwera ku tchuthi amangodzitsekera m'nyumba.
2. Sagona tulo, sadya mokwanira, ndipo akuwonda.
3. Sakondanso zinthu zimene ankazikonda kale.
4. Wayamba kumwa mowa kwambiri, kusuta chamba kapena kubetcha pa foni.
5. Amanena kuti ndi wachabechabe, kapena kuti kuli bwino atafa.

Kukhumudwa kukapitirira milungu iwiri, pafupifupi tsiku lililonse, amenewo angakhale matenda. Si ulesi, si mwano, ndiponso si ufiti. Matendawa amachizika.

MMENE MUNGALANKHULIRE NAYE

Sankhani nthawi imene muli awiri okha, monga popita ku munda. Musamuitanire pa bwalo la abale ngati mlandu. Yambani ndi zimene mwaona: "Mwana wanga, ndaona kuti sukudya ndipo sukugona. Chikukusautsa nchiyani?" Mukatero khalani chete, mumvetsere mpaka atamaliza. Akakana kulankhula, musamukakamize. Mudzamufunsenso tsiku lina.

Pewani mawu olasa mtima monga akuti, "Tinagulitsa ng'ombe chifukwa cha iwe," kapena akuti, "Mwamuna salira." Mawu otere amatseka pakamwa pa mwana, ndipo paja mbewa ya manyazi inafera ku dzenje. Muuzeni poyera kuti moyo wake ndi wofunika kuposa digiri. Kumbukiraninso kuti iyeyu ndi munthu wamkulu tsopano, choncho mufunseni maganizo ake musanamupatse malangizo. Ngati amamasuka kwa malume ake kapena azakhali ake, apempheni kuti akuthandizeni.

Vuto likakhala la ndalama, werengani pamodzi zimene banja lingathe, osalonjeza zosatheka. Mulimbikitseni kukaonana ndi mkulu woona za ophunzira pa koleji yake, ndi kufunsa za ngongole ku bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira a sukulu zaukachenjede.

AKANENA ZA IMFA

Bungwe la zaumoyo la WHO linapeza kuti m'chaka cha 2021 kudzipha kunali pa nambala yachitatu mwa zinthu zopha achinyamata a zaka 15 mpaka 29 pa dziko lonse. Choncho musatenge mawu a imfa ngati nthabwala. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsako sikumuika maganizowo m'mutu, koma kumamupatsa mpata woulula. Akavomera, musamusiye yekha. Bisani tameki, mankhwala othira ku mbewu ndi mapiritsi onse. Pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo. Ngati ali kutali, tumani mbale kapena mnzake wodalirika kuti akhale naye kufikira inu mutafika.

KUMENE KULI CHITHANDIZO

Yambirani pa chipatala chanu chaching'ono, kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Iwo adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha m'boma lanu. Odwala ofunika chisamaliro chapadera amathandizidwa ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Tchulani zizindikiro zitatu za mwana amene ali pa mavuto.
2. Kodi mungachite chiyani mwana akanena kuti afuna kufa?

Kumbukirani: mutu umodzi susenza denga. Lankhulani ndi mwana wanu sabata ino.