Kamoto kakazima, funsani thermocouple

Loweruka lapitali ndinaima pa Mbulumbuzi, pa msewu wa ku Zomba, kuti ndione alamu anga amene amagulitsa tchipisi. Chaka chatha anasiya chiwaya cha nkhuni n'kugula makina okazingira a gasi ku Limbe. Ndinawapeza atagwira tsaya. Mbatatesi zosenda kale zili m'ndowa, makasitomala akutsika minibasi n'kumalunjika kwa anzawo a chiwaya.

"Alamu, inu mumaphunzitsa sayansi, tachionani chinthuchi. Ndikasindikiza batani kamoto kakuyaka, ndikangosiya basi kazima. Ndingolimangirira ndi mphira batanili, eti?"

Ndinawakaniza. Chifukwa chake ndiye phunziro lathu la lero.

Makina amenewa ali ndi moto wapawiri. Pali moto waukulu wotenthetsa mafuta, ndiye pali kamoto kakang'ono koyaka nthawi zonse, kamene akatswiri amati pilot. Mafuta akayamba kuzizira, gasi amatsegukira moto waukulu, ndipo kamoto kaja ndi kamene kamauyatsa. Nanga kamotoko katazima gasi n'kumatulukabe? Gasi wa m'silinda ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma. Sauluka ayi, amadikha pansi ngati madzi, kudikira munthu woyatsa machesi. Choncho makina ayenera kudziwa okha ngati kamoto kalipo kapena kazima.

Mlonda wake ndi thermocouple, yomwe ija timaiphunzira pa mitundu ya ma thermometer. M'chaka cha 1821, katswiri wa ku Germany Thomas Johann Seebeck anapeza kuti ukalumikiza zitsulo ziwiri zosiyana, n'kutenthetsa polumikizira pamodzi pena pali pozizira, m'mawayamo mumayenda magetsi. Pa makina a alamu, thermocouple ndi kamtengo kachitsulo konga msomali, kamene nsonga yake imakhala m'kamoto kaja. Ikatentha imatulutsa ma millivolt 20 mpaka 30. Batire ya tochi ili ndi 1.5 V, kutanthauza ma millivolt 1,500. Mukuona kuchepa kwake?

Timagetsi timeneti timapita m'kawaya kozengezazengeza mkati mwa valavu ya gasi, n'kupanga maginito. Maginitowo alibe mphamvu yokoka valavu kuti itseguke, koma amatha kuigwira ikakhala kuti yatseguka kale. N'chifukwa chake poyatsa mumasindikiza batani ndi chala kwa masekondi 30 kapena kuposerapo: chala chanu chikugwirizira ntchito mpaka thermocouple itenthe. Kamoto kakazima, nsonga imazizira, magetsi amatha, maginito amasiya, sipiring'i n'kutseka gasi. Mphira ya alamu ikanachotsa mlonda ameneyu pa ntchito. Mphepo ikanangozimitsa kamoto, gasi akanapitiriza kutuluka mwakachetechete.

Ndiye funso la wasayansi si lakuti "ndiukakamize bwanji motowu?" koma lakuti "n'chifukwa chiyani maginito sakulandira magetsi okwanira?" Fufuzani chimodzichimodzi, kuyambira chosavuta.

Choyamba, yang'anani mtundu wa lawi. Labwino limakhala la buluu, lolimba, lokuta nsonga ya thermocouple. Likakhala lachikasu ndi lofooka, ndiye kuti kabowo kotulukira gasi katsekeka ndi fumbi kapena mafuta, kapena gasi watsala pang'ono kutha m'silinda.

Chachiwiri, mphepo. Kuno ku Chiradzulu mwezi wa June ndi July mukuidziwa chiperoni. Ngati kamoto kamazima chitseko chikatseguka, vuto ndi malo amene makina aikidwa.

Chachitatu, nsonga yeniyeniyo. Mwaye sudutsa kutentha bwino, choncho nsonga yakuda bii siitentha mokwanira. Nthawi zinanso imapindika potsuka n'kuchoka m'moto.

Chachinayi, nati imene imalumikiza thermocouple ku valavu. Apa ndi pamene lamulo la Ohm, I = V/R, limaonekera. Poti V ndi yochepa kale, kadzimbiri pang'ono kapena nati yolefuka imakweza R, ndipo I imatsika mpaka maginito kulephera kugwira.

Chachisanu, makina ambiri ali ndi switchi ina imene imadula timagetsi tomweti mafuta akatentha mopyola malire. Tchipisi timakazinga pa 170°C mpaka 180°C. Ngati kamoto kamazima pokhapokha mafuta akatentha kwambiri, kaikirani pamenepo, ndipo itanani mmisiri wa za gasi.

Zonsezi zikakhala bwino, ndiye kuti mwina thermocouple yatha ntchito. Mmisiri amaipima ndi multimeter ili pa moto, akaona ma millivolt atsika kwambiri amaika yatsopano.

Kwa alamu, titatseka silinda n'kudikira kuti makina azizire, tinapeza nsonga itakutidwa ndi mwaye komanso itapendekera pambali. Tinaipukuta ndi kasandipepa kosalala, n'kuibwezera pamalo pake. Atasindikiza batani anawerenga mpaka 30, n'kusiya pang'onopang'ono. Kamoto kanakhala. "Koma alamu, sukulu ndi yabwino!" Mbale yoyamba ya tchipisi inali yanga.

Chenjezo, ophunzira: ntchito yanu ndi kuyang'ana ndi kuganiza, osati kumasula valavu kapena mapaipi. Mukamva fungo la gasi, tsekani silinda, tsegulani zitseko ndi mawindo, musayatse machesi ngakhale kukhudza switchi ya magetsi. Pofufuza pamene pakutuluka gasi timapaka thovu la sopo, osati kuyandikiza moto.

Nayi ntchito yoti muyese. Tiyerekeze kuti thermocouple ikutulutsa 24 mV ndipo R ya njira yonse ndi 0.06 Ω. Pezani I. Kenako dzimbiri lawonjezera 0.06 Ω ina pa nati. I yakhala bwanji? Ngati maginito amafuna 0.3 A kuti agwire valavu, alamu agulitsa tchipisi tsiku limenelo kapena ayi? Musaiwale kusintha ma millivolt kukhala ma volt musanagawe.