Mbeu za Camwamba ndi Madzi Akumwa

Pa 6 October, 2017, Boma la Zambia linalengeza kuti m'Lusaka mwagwa nthenda ya kolera. Odwala oyamba anali a ku komboni ya Chipata. Posakhalitsa nthendayo inalowa m'Kanyama, ndipo pofika mwezi wa May, 2018, anthu oposa 5,000 anali atadwala mu mzindawo, 98 mwa iwo namwalira. Cimodzi ca zimene zinafalitsa nthendayo cinali madzi a m'zitsime zosaya, zokumbidwa pafupi ndi zimbudzi. Zitsime zotere ziriponso m'midzi ndi m'madimba, cifukwa cake nkhaniyi ikhudza banja la mlimi ali yense.

Matenda a m'mimba akabuka, anthu ambiri athamangira ku masamba a gwafa, adyo ndi nimu. Sacita mopusa ai. Akatswiri amayesa zomera zimenezi motere: afesa tizirombo ta matenda m'kambale kokhala ndi cakudya cake, naikapo kapepala konyika m'madzi a masambawo. M'mawa mwake, ngati mankhwalawo ali ndi mphamvu, pozungulira kapepalako pakhala poyera, popanda tizirombo. Gwafa ndi adyo zaonetsa mphamvu yotere.

Koma kambale si mimba ya munthu. Kolera akupha mwa kukhetsa madzi ndi mcere wa m'thupi, nthawi zina dzuwa lisanalowe, ndipo madzi a gwafa sabweza zimenezo. Muyeso wake subvuta pang'ono: tsamba la mtengo uwu siringana mphamvu ndi la mtengo uja. Ku India ndi ku Malaysia makanda omwetsedwa mafuta a nimu anasanza, nakomoka, ena namwalira.

Mtengo umene ungathandize ndithu pa nkhani ya madzi ndiwo camwamba, umene ena auchula moringa. Akazi a ku Sudan akhala akuyeretsa madzi amatope a mtsinje wa Nile ndi mbeu zake kuyambira kale, ndipo m'zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku University of Leicester anaziyesa pa malo oyeretsera madzi ku Thyolo, m'Malawi. Mai atenge mbeu zokhwima, zoumira pa mtengo, acotse makoko ndi kusinja maso ake mpaka akhale ufa. Mbeu imodzi ikwanira lita imodzi ya madzi amatope. Asungunule ufawo m'kapu ya madzi oyera, athire mu ndowa, atakase mofulumira kanthawi, pambuyo pake pang'onopang'ono, ndi kuileka ndowayo ora limodzi kapena awiri osaigwedeza. Ufawo umata ku tinthu ta dothi, tiundana, ndi kumira pansi pamodzi ndi tizirombo tambiri. Madzi a pamwamba awatsanulire m'ciwiya cina, kupyolera pa nsaru yoyera.

Apa ndipo pagona ngozi, pakuti madziwo aoneka oyera mbuu, ndipo munthu waludzu safuna kumva zina. Camwamba sicikupha tizirombo tonse. Totsalato ticurukanso madziwo akagona. Cifukwa cake ayenera kuwawiritsa, kapena kuthiramo mankhwala a Clorin monga mwa malangizo a pa botolo, ndi kudikira mphindi 30 asanamwe. Nchito ya camwamba ndiyo kukonza njira, popeza klorini sagwira bwino m'madzi amatope.

Munthu akayamba kutsegula m'mimba madzi onga otsukira mpunga, apabanja asachedwe ndi kukumba mizu. Ampatse msanga Madzi a Moyo a m'paketi. Ngati paketi palibe, asungunule timasupuni ta tiyi 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mcere, tosasefukira, mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Wodwalayo azimwa kosaleka, ngakhale pa njira, pamene alikumtengera ku cipatala. Khanda lipitirize kuyamwa.