Kodi SSD yanu yafika posintha?

Hadi disiki yakale ija nthawi zambiri inkachenjeza isanafe. Inkayamba kulira kuti tiki-tiki, n'kumachedwa kutsegula zinthu, mwini wake n'kudziwa kuti pano zavuta. SSD ilibe kanthu kozungulira mkati mwake, ndiye ikamafa siichita phokoso. Mumangoyatsa laputopu m'mawa, n'kupeza kuti siikuonanso posungira. Zithunzi za ukwati, ntchito za kusukulu za mwana, mabuku a ndalama za geni, zonse zatsekeredwa momwemo.

Ambiri amawerenga zaka, ati yakwana zisanu, isinthidwe. Zaka pazokha sizinena zambiri. Chimene chimaperepeseka mu SSD ndi tizipinda tosungiramo zinthu, ndipo timatha pang'onopang'ono nthawi iliyonse mukalembamo. Malire a zomwe mungalembemo opanga amawalemba ndi zilembo TBW. Samsung 870 EVO ya 500GB, mwachitsanzo, malire ake ndi 300TB ndipo waranti yake ndi ya zaka 5. Munthu wolembamo 20GB tsiku lililonse amangopitirira pang'ono 7TB pa chaka. Kuti afike pa malirewo pamafunika zaka pafupifupi 40. Choncho SSD ya pakhomo nthawi zambiri imafa ndi zina: kachipangizo kowongolera kakawonongeka, kutentha kwambiri, kapena magetsi akathima mwadzidzidzi ili mkati molemba. Kompyuta ya padesiki yopanda UPS (batire yothandiza magetsi akathima) ndiyo imavutika kwambiri ndi kuzimazima kwa magetsi kuno kwathu.

Ikani CrystalDiskInfo, pulogalamu yaulere ya pa Windows. Idzakuonetsani thanzi la SSD yanu m'maperesenti, kuchuluka kwa zomwe zalembedwamo, ndi maola amene yakhala ikuyaka. Ikalemba Good, khazikani mtima pansi. Ikalemba Caution, yambani kusunga ndalama lero. Mukamagula laputopu yogwiritsidwa kale ntchito, pemphani wogulitsa kuti akuonetseni zimenezi musanatulutse ndalama. Kunja imatha kukhala yonyezimira, koma maolawo sanama.

Pali zizindikiro zomwe sizifuna kudikira. Fayilo yomwe munasunga dzulo ikukana kutseguka. Kompyuta ikuuma pafupipafupi pokopera zinthu. Tsiku lina SSD yaoneka, lina yasowa mu BIOS. Chachikulu: ikulola kuwerenga koma ikukana kusunga chatsopano. Apa yadzitsekera yokha pofuna kuteteza zomwe zatsala. Musaikemo Windows yatsopano, musaifufute poganiza kuti ichira. Koperani zanu nthawi yomweyo, kuyambira ndi zomwe simungazipezenso kwina, chifukwa kupulumutsa zinthu mu SSD yakufa n'kovuta ndiponso n'kodula kuposa mu hadi disiki.

Pogula ina, yang'anani kaye polumikizira SSD mu kompyuta yanu. Ilipo SSD ya SATA yooneka ngati kabokosi kophwatalala, ndipo ilipo ya M.2 yooneka ngati kakhadi kakatali. Za M.2 nazonso zili mitundu iwiri, SATA ndi NVMe, ndipo si laputopu iliyonse imalandira zonse.

Ngakhale pulogalamu ija italemba 98%, usiku uno koperani zithunzi ndi mapepala anu pa fulashi kapena pa hadi disiki yakunja, ndipo muisunge padera ndi chikwama cha laputopu.