Za Kawerengedwe ka Anchito ndi Umphawi Wao

Akristu ambiri akamva pa wailesi kuti pa dziko lonse lapansi anthu osowa nchito ali 5 okha mwa anthu 100 alionse ogwira kapena ofuna nchito, amadabwa, ndipo ena amayesa kuti akunamizidwa. Chiwerengerocho n'choona: ndicho chimene bungwe la International Labour Organization linapeza pa chaka cha 2024. Bungweli, limene alitcha ILO mwachidule, linakhazikitsidwa mu 1919, ndipo likulu lake lili ku Geneva. Koma tisanakondwere nacho chiwerengerochi, tiyambe tafunsa kuti kodi iwo owerengawo amati munthu wa pa nchito ndani.

Lamulo limene akatswiri a ziwerengero anagwirizana ku Geneva mu 1982 ndi ili: munthu amene wagwira nchito yopezera ndalama ngakhale ora limodzi lokha m'sabata imene akumufunsayo, ameneyo ali pa nchito. Chotero mai wogulitsa mandasi pa msika wa Lilongwe ali pa nchito. Mnyamata wosenza katundu pa depoti ya mabasi ali pa nchito. Wopalira m'munda wa mnzake tsiku limodzi paganyu, nayenso ali pa nchito. M'buku la owerenga onsewa aima mzere umodzi ndi mkulu wa banki wa ku City Centre. Wosowa nchito ndiye yekhayo amene sanagwire kanthu, ali wokonzeka kugwira, ndiponso wakhala akufunafuna. Mu 2013 lamuloli analikonzanso, kuti mlimi wolima chakudya cha banja lake lokha, wosagulitsa, aziwerengedwa m'gulu lapadera.

Kuno kwathu nchito yowerenga ili m'manja mwa ofesi ya National Statistical Office ku Zomba. Pa kafukufuku wa anchito wa 2013 anapeza kuti, potsata lamulo lokhwima lija, osowa nchito m'Malawi anali pafupifupi 7 mwa 100. Koma ataphatikizapo amene anatopa n'kuleka kufunafuna, anafika pafupifupi 20 mwa 100. Anapezanso kuti oposa 6 mwa 10 a ogwira nchito anali a ulimi, ndi kuti pafupifupi 9 mwa 10 anali pa nchito zopanda kalata ya pangano, zopanda tchuthi cholipidwa kapena penshoni.

Tsono apa pali chinthu chimene aphunzitsi a katekisimu ayenera kuchimvetsa bwino, pakuti chimasokoneza ngakhale ophunzira. M'dziko losauka chiwerengero cha osowa nchito chimakhala chochepa, chifukwa mmphawi alibe mpata wokhala chabe. M'maiko ena a ku Ulaya boma limapatsa munthu wochotsedwa nchito kangachepe kodyera pamene akufuna ina, ndipo angathe kudikira miyezi. Kuno amene wadikira sabata ziwiri ana ake agona ndi njala, choncho amatola chilichonse chimene wapeza, ndipo owerenga amlemba kuti ali pa nchito.

Chifukwa cha ichi pali muyeso wachiwiri, woona zimene wanchito mmodzi amatulutsa. Amatenga mtengo wa zonse zimene dziko lapanga m'chaka, chimanga, fodya, shuga, nyumba zomangidwa, maulendo a galimoto ndi zina, nagawa ndi chiwerengero cha anchito, kapena ndi maora amene agwira. Muyesowu ku Malawi ndi wotsika kwambiri, ndipo pena mumva anthu akuti ndi umboni wa ulesi. Ife tikuti ai. Mlimi wa ku Mitundu wolima ndi khasu, wodalira mvula ya dzinja limodzi, wosowa feteleza, amakhetsa thukuta loposa la mnzake wa ku Canada woyendetsa thirakitala, koma nkhokwe zao sizingafanane. Chimene muyesowu umaonetsa ndicho zida, magetsi, miseu, maphunziro ndi misika imene wanchito ali nayo kapena alibe. Tionjezenso kuti nchito yophika, yotunga madzi ndi yolera ana, imene amai agwira kuyambira tambala woyamba, silowa mokwanira m'masamu amenewa popeza siigulidwa.

Muyeso wachitatu ndiwo ukhudza kwambiri ife a mu mzinda uno: kuwerenga anthu amene ali pa nchito koma ali osauka ndithu. Pano sayang'ana malipiro a munthu yekha. Amayang'ana banja lonse, nafunsa kuti aliyense wa m'nyumbamo amadyera zingati pa tsiku. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inaika malire a umphawi wadzaoneni pa madola 2.15 pa munthu pa tsiku mu 2022, ndipo mu 2025 inawakweza kufika madola 3. Poyesa ndi malire a madola 2.15, ILO inawerenga kuti mu 2024 anchito pafupifupi 240 miliyoni pa dziko lapansi anali m'mabanja a umphawi wotere. M'Malawi, pa kafukufuku wa mabanja wa 2019 mpaka 2020, pafupifupi anthu 7 mwa 10 anali pansi pa malire omwewo.

Anthu amenewa sitisowa kukawafuna kutali. Imani m'mamawa pa mseu wolowa ku Area 9, ndipo mudzaona ophika, olima maluwa, olera ana ndi ochapa akubwera wapansi kapena pa njinga kuchokera ku Chinsapo ndi ku Mtandire, pamene alonda a usiku akutuluka kubwerera kwao. Onsewa ali pa nchito, ena masiku 6 kapena 7 pa sabata. Tiyeni tichite masamu. Mu 2024 boma linakweza malipiro ochepetsetsa kuchoka pa K50,000 kufika K90,000 pa mwezi, ndipo a anchito a m'nyumba anaikidwa pansi pa amenewa. Tikagawa K90,000 kwa banja la anthu 6, aliyense apeza K15,000 pa mwezi, ndiko kuti K500 pa tsiku, ndipo m'menemo mutuluke ufa, ndiwo, makala, lendi ndi sopo. Kumbukiraninso kuti mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100, kotero kuti gawo lalikulu la kukwezako linadyedwa ndi mitengo ya zinthu lisanafike m'thumba.

Mpingo sunangoyamba lero kuganizira zimenezi. Papa Leo XIII, m'kalata yake Rerum Novarum ya 1891, anaphunzitsa kuti kuvomera kwa wanchito pakokha sikuchititsa malipiro kukhala olungama, ngati wavomera chifukwa cha kusowa. Malipiro ayenera kumkwanira kukhala moyo woyenera munthu. Papa John Paul II, m'kalata Laborem Exercens ya 1981, ananenetsa kuti malipiro a munthu wamkulu akhale otha kusunga banja. Koma kodi bwana wa ku Area 9 angadziwe bwanji mtengo wosungira banja ku Chinsapo?

Yankho lilipo mu mzinda wathu womwe uno. Bungwe la Centre for Social Concern la ku Kanengo, limene anayambitsa ansembe a Missionaries of Africa, aja tinkawatcha White Fathers, lakhala likuyendera misika mwezi ndi mwezi ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, kulemba mitengo ya chimanga, nyemba, usipa, mafuta ophikira, makala, madzi ndi lendi, n'kuwerenga ndalama zimene banja la anthu 6 lifunika kuti lithe mwezi. Chaka ndi chaka chiwerengero chaocho chakhala chikuposa malipiro ochepetsetsa kangapo. Aphunzitsi angathe kuchipempha ndi kuchiwerenga pa msonkhano wa mphakati, pamene olemba anchito ndi olembedwa amakhala pa mphasa imodzi, ndipo aliyense angayerekeze yekha ndi zimene amalipira kapena kulandira pakutha pa mwezi.