Sola ya mkati mwa diso

Ku Kamwendo ndi ku Mkanda, m'boma la Mchinji, nyumba zambiri zili ndi sola padenga. Sola imalandira dzuwa n'kulisandutsa magetsi, magetsiwo n'kuyenda m'waya mpaka ku batire. Diso lanu nalonso lili ndi sola yake.

Kuwala kumalowera pa kadontho kakuda kali pakati pa diso, n'kukagwera pa kachikopa kopyapyala mkati, kumbuyo kwenikweni. Dzina lake ndi retina. Pamenepa pali timaselo toposa 100 miliyoni. Tina timaona kukada, tina timaona masana ndi kusiyanitsa mitundu. Timaseloti timasandutsa kuwala kukhala magetsi ochepa zedi, ndipo mtsempha umanyamula uthengawo kupita nawo ku ubongo.

Ntchito imeneyi imadya mphamvu zambiri. Mphamvuzo zimachokera ku tinthu tina ta m'maselo totchedwa mitochondria. Tili ngati timbaula: timawotcha chakudya chomwe mwadya ndi mpweya womwe mwapuma. Timbaulati munthu amatengera kwa mayi ake okha. Kwa Achewafe izi si zachilendo, paja mbumba timaiwerengera kuchikazi.

M'mabanja ena timbaulati timakhala tofooka. Mu 1871 dokotala wa ku Germany, Theodor Leber, adafotokoza nthenda ina yotere. Imakonda anyamata. Diso limodzi limayamba kuona chimbuuzi pakati, linzake n'kutsatira patangopita masabata kapena miyezi. Silipweteka, silifiira, ng'ala palibe. Ukaliyang'ana lili bwinobwino, n'chifukwa chake ena amathamangira kunena kuti munthuyo walodzedwa. Komatu mukafufuza mupeza kuti mwina malume ake nawonso adasiya kuona akadali mnyamata. Fodya ndi kachasu zimakolezera nthendayi.

Nanga achipatala amadziwa bwanji? Amakuimikani mamita 6 kuchokera pa bolodi, mutatseka diso limodzi ndi chikhatho. Kusadziwa kuwerenga kusakuopseni: pali bolodi la chilembo E chokha, inu mumangoloza komwe miyendo yake yaloza. Amakuonetsaninso buku la madontho amitundumitundu. Kenako amakuthirani mankhwala m'maso kuti kadontho kakuda kaja kakule, n'kusuzumira mkati ndi katochi. Mukatero mumaona chimbuuzi kwa maola angapo, choncho njinga musapalase nokha pobwerera.

Kulinso makina otchedwa ERG, oyeza magetsi a retina. Wodwala amakhala mumdima kwa mphindi 20. Amamuika kawaya kopyapyala ngati ulusi m'chikope cha m'munsi, kenako kuwala kumati ng'ani! Kompyuta imajambula mzere. Mzerewo ukakhala waufupi ndiye kuti sola yafooka. Ukakhala wabwino koma munthu sakuona, adokotala amakayikira waya, ndiye kuti mtsempha uja. Nthenda ya Leber imagwira pamenepo.

Mankhwala ena a TB, otchedwa ethambutol, nthawi zina amavulaza mtsempha womwewu. Ngati mukumwa mankhwala a TB ndipo zofiira ndi zobiriwira zayamba kufanana, kauzeni achipatala tsiku lomwelo.

Maso akayamba kuvuta, yambirani ku chipatala cha boma cha Mchinji. Zikafunika adzakutumizani ku chipatala cha maso cha Lions ku Kamuzu Central, ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 110. Musananyamuke, funsani amayi anu kapena agogo akuchikazi ngati pamtundu pawo padali wina amene adasiya kuona ali wamng'ono, ndipo mukawafotokozere adokotala.