WAKUTSINA KHUTU NDI MNANSI

Palibe munthu wogwira nchito amene salakwa, angakhale wophunzira kwambiri. Taonani za mzinda wa Lusaka. M'caka ca 1935 Boma linasamukira kumeneko kucokera ku Livingstone. Akuru a Boma anayesa kuti anchito adzafika amuna okhaokha, nadzabwereranso kumidzi kwao. Cifukwa cace ku Kabwata anawamangira tinyumba tozungulira ta maudzu, ta cipinda cimodzi. Koma akazi ndi ana anatsata amuna ao, ndipo anthu anathinana koopsya.

M'caka ca 1944 bungwe la Eccles linadzudzula Boma poyera pa za nyumba za anchito m'matauni, ndipo m'caka ca 1948 linaikidwa lamulo lakuti anchito okwatira apatsidwe nyumba zoyenera banja. Cidzudzulo cinawawa, koma cinabala zipatso.

Tsono abale, tiphunzirepo zitatu.

1. Kapitao akakudzudzulani, musafulumire kuyankha mtima uli wotentha. Funsani pamene palakwika, nimukonzepo. Ambiri anataya nchito cifukwa ca lilime, osati cifukwa ca colakwaco.

2. Petani mau ace monga apetera mai pa licero: gaga acoke, mphale itsale.

3. Inu oyang'anira anzanu, itanani wolakwayo kumbali, musamcititse manyazi pamaso pa anthu. Mwana wokwapulidwa cifukwa ca mtsuko wosweka, mawa adzabisa mapale, ndipo colakwa cobisika ndico cimaononga nchito.

Funso: Kodi amene anakutsinani khutu caka catha, munamthokoza?