Kamera Yaliwiro Yoyang'anira Katundu pa Lamba: Kaikidwe ndi Kagwiritsidwe Kake

Kapepala aka talembera amisiri a zamagetsi, oyendetsa makina ndi eni mafakitale, kaya ku Kanengo, ku Makata kapena ku Chirimba, amene akufuna kuika kamera yoti izipatula katundu wabwino ndi woipa lamba akuyenda.

Ndi kamera yotani?

Munthu woyang'ana mabotolo pa lamba amachita bwino m'mawa. Dzuwa likapendeka maso amatopa, ndipo botolo lopanda chotsekera limadutsa iye ali chiyang'anire. Kamera iyi ndi yogwira ntchito imeneyo. Siili ngati ya CCTV yolondera akuba. Ndi kabokosi kachitsulo kokwana m'dzanja, kopanda batani, kopanda poonera. Imajambula chinthu chilichonse chodutsa n'kutumiza chithunzi ku kompyuta, ndipo pulogalamu imayeza: chotsekera chilipo? Chakumwa chafika pamzere? Tsiku lothera mphamvu lasindikizidwa? Yankho limapita ku PLC, yomwe imatsegula mpweya wokankhira choipacho pambali.

Amapanga makamera otere ndi makampani monga Basler ya ku Germany, Teledyne DALSA ya ku Canada, Cognex ya ku America, Keyence ya ku Japan ndi Hikrobot ya ku China. Makamerawa alipo a mitundu iwiri. Ya area scan imajambula chithunzi chathunthu kamodzi. Ya line scan imajambula mzere umodzi wopyapyala kambirimbiri pa sekondi, kompyuta n'kulumikiza mizereyo. Makina osankha mpunga, nandolo, mtedza ndi makademiya potengera maonekedwe amakhala ndi line scan m'kati mwake, yoikiratu opanga. Pano tikukamba za area scan, yomwe mudzaika ndi manja anu.

Eni mtedza amve izi: kamera imaona njere yakuda, yonyala kapena yoola, koma siyeza poizoni wa chuku. Kukayezetsa ku labotale sikutha chifukwa mwagula kamera.

Werengani musanagule

Ambiri amayamba ndi kufunsa kuti kamera ili ndi mapikiseli angati, ngati akugula foni. Funso loyamba si limenelo. Yambani ndi tepi yoyezera ndi wotchi, pa lamba wanu yemweyo. Pezani zinthu zitatu: kutalika kwa malo amene kamera iyenera kuona, liwiro la lamba, ndi kukula kwa chilema chaching'ono kwambiri chimene mukufuna kugwira.

Tiyerekeze kuti malowo ndi mamilimita 192, ndipo kamera ili ndi mapikiseli 1,920 mopingasa ndi 1,200 motsika, monga makamera a sensa ya Sony IMX174. Pikiseli imodzi ikuimira milimita 0.1. Chilema chimaoneka modalirika chikaphimba mapikiseli atatu kapena anayi, choncho kamera iyi igwira mng'alu wa theka la milimita, koma wocheperapo kwambiri musauyembekezere.

Tsopano liwiro. Lamba akuyenda mamilimita 500 pa sekondi. Nthawi imene kamera yatsegula diso, imene amati exposure, katundu saima. Akasuntha kuposa pikiseli imodzi, chithunzi chimapakika ndipo zilembo siziwerengeka. Gawani 0.1 ndi 500, mupeza 0.0002. Ndiye kuti kamera itsegule diso kwa gawo limodzi la sekondi yogawidwa ka 5,000. Mu pulogalamu mudzalemba 200, popeza makamera ambiri amawerengera m'magawo a sekondi yogawidwa ka 1,000,000. Lamba mukamuthamangitsa kawiri, nambalayi mudule pakati.

Pogula onetsetsani kuti pepala la kamera likuti global shutter, kutanthauza kuti mapikiseli onse amajambula nthawi imodzi. Ya rolling shutter imajambula mzere ndi mzere kuchokera pamwamba, ndipo botolo loongoka limatuluka lopendekeka. Imatsika mtengo, n'zoona, koma malo ake ndi pa zinthu zoima.

Lenzi imagulidwa payokha. Kuti mudziwe lenzi yofunika, chulukitsani kutalika kwa sensa ndi mtunda wochokera pa lenzi kufika pa katundu, mugawe ndi kutalika kwa malo oonedwa. Sensa tatchulayi ndi mamilimita 11.3. Kamera ikakhala mamilimita 300 pamwamba, yankho ndi pafupifupi 17.7, ndipo lenzi ya mamilimita 16 ndiyo yapafupi pa zimene zimagulitsidwa. Samalani ndi mazinga: C-mount ndi CS-mount zimalowana bwinobwino, koma zimasiyana mamilimita 5 pa mtunda wofika pa sensa. Lenzi ya C pa kamera ya CS imafuna mphete ya mamilimita 5, apo ayi mudzapotokola tsiku lonse chithunzi osaoneka bwino.

Ngati mtundu wa chinthu sukukhudza chigamulo, gulani kamera yojambula zakuda ndi zoyera. Imamva kuwala msanga ndipo m'mphepete mwa chinthu mumaoneka bwino kuposa pa yamitundu.

Kuwala

Apa ndiye pagona ntchito yonse, ndipo ndi pamene ndalama zambiri zimaonongekera. Kamera yotsegula diso kwa gawo la sekondi yogawidwa ka 5,000 imalandira kuwala kochepa ka 50 poyerekeza ndi yotsegula kwa gawo la sekondi yogawidwa ka 100. Magetsi a kudenga sangakwanitse. Mmisiri akaona mdima pa sikirini amathamangira kukweza gain, koma gain imakweza kuwala pamodzi ndi timadontho tachabe, ndipo pulogalamu imayamba kutaya katundu wabwino. Kamera yapakatikati yokhala ndi nyali yoyenera imaposa kamera yodula yoikidwa mumdima. Ngati bajeti yathina, chepetsani pa kamera, osati pa nyali.

Pali vuto linanso. Magetsi a ESCOM ndi a 50 Hz, motero machubu akale aja amaphethira ka 100 pa sekondi. Diso la munthu siliona, koma kamera yaliwiro imaona: chithunzi china chowala, chotsatira chodera, popanda chimene chasintha pa katundu. Dzuwa lolowa pa malata oonekera aja nalonso limasintha kuchokera m'mawa mpaka madzulo, ndipo mitambo ya dzinja imasokoneza zimene munakonza m'chilimwe. Mankhwala ake ndi kumanga kabokosi kophimba malo ojambulira, kopakidwa utoto wakuda wosanyezimira m'kati, n'kuikamo nyali za LED zanuzanu. Pomwe kabokosi sikangakwane, ikani nyali yofiira ndi galasi losefa pa lenzi lolola kuwala kofiira kokhako.

Malo a nyali amatengera chimene mukufuna kuona. Poyeza msinkhu wa chakumwa m'botolo kapena maumbidwe a chinthu, nyali ikhale kuseri kwa katundu, kamera ione chithunzithunzi chakuda pa malo oyera. Njira iyi ndi yodalirika kuposa zonse, ndipo ikatheka musafunenso ina. Powerenga zilembo pa katoni, nyali yozungulira lenzi imakwana. Pa mapaketi onyezimira ndi zitini, nyali imeneyo imabwerera m'kamera ngati galimoto yokuwalitsani usiku, ndiye pamafunika nyali yooneka ngati mbale yovundikira, yomwaza kuwala mbali zonse. Mikwingwirima ndi zilembo zodinda pa chitsulo zimaoneka nyali ikaunika cham'mbali, motsika kwambiri. Musanaitanitse, tengani katundu wanu, tochi ndi foni, muzimitse magetsi, muyese mbali zosiyanasiyana. Mphindi zochepa zikuuzani nyali yofunika.

Pa liwiro lalikulu nyali siyaka nthawi zonse. Imang'anima pamene kamera yatsegula diso, molamulidwa ndi waya wochokera ku kamera, ndipo m'kamphindiko imaloledwa kuwala koposa muyezo wake wa nthawi zonse. Izi zimafuna kabokosi kake kolamulira. Mukalumikiza nyaliyo mwachindunji pa mphamvu yoteroyo, ipsa. Kung'anima kumeneku kuphimbidwe bwino, chifukwa kumatopetsa ogwira ntchito ndipo kungadzutse matenda kwa munthu wa khunyu.

Chingwe

Chithunzi chimodzi cha 1,920 ndi 1,200, chakuda ndi choyera, ndi pafupifupi 2.3 MB. GigE Vision, muyezo umene unatuluka mu 2006, umagwiritsa ntchito chingwe wamba cha netiweki, Cat5e kapena Cat6, mpaka mamita 100, ndipo umanyamula zithunzi zotere pafupifupi 50 pa sekondi. USB3 Vision ya mu 2013 imanyamula zoposa 150, koma chingwe chake chimathera pa mamita 3 mpaka 5. Kupitirira apo pali CoaXPress, yofuna khadi yapadera m'kompyuta ndi ndalama zambiri. Lamba wotulutsa mabotolo 300 pa mphindi akufuna zithunzi 5 zokha pa sekondi, choncho kwa ambiri a ife GigE ndi yokwana, ndipo chingwe chake chikaduka mudzachipeza m'tauni. Chingwe cha kamera chisayende mu ngalande imodzi ndi nthambo za mota.

Kuika

Zimitsani lamba ndipo mukhome loko pa swichi musanaike dzanja. Kamera imangidwe pa chitsulo chakechake chozikika pansi kapena pakhoma, osati pa thupi la makina ogwedera. Imangeni pa mbale ya aluminiyamu ndi masikuluwu onse, chifukwa mbaleyo imachotsanso kutentha. Makamera ambiri amalekeza cha pa madigiri 50, ndipo pansi pa malata mu Okutobala, makamaka ku Chikwawa ndi ku Nsanje, nambala imeneyo siili kutali. Pamalo pa fumbi la deya kapena potsuka ndi paipi ya madzi, kamera ikhale m'bokosi la muyezo wa IP67.

Kamera isamajambule mwa iyo yokha. Ikani sensa ya kuwala m'mbali mwa lamba kuti katundu akadula kuwalako itumize chizindikiro, chimene amati trigger. Werengani buku la kamera musanalumikize: onani mphamvu imene polowera pake pamalola, ambiri mpaka 24 V, komanso ngati sensa yanu ndi PNP kapena NPN. Waya wolakwika pamenepa amaotcha polowerapo, ndipo kukonzetsa kwake n'kutumiza kunja.

Yezani mtunda wochokera pa kamera kufika pa kapaipi kotulutsa mpweya. Ukakhala mamilimita 250, lamba wathu uja atenga theka la sekondi. Koma lamba sasunga liwiro limodzi. Akalemedwa amachedwa, ndipo mpweya umaphulitsa botolo labwino, loipa n'kudutsa. Ikani encoder pa gudumu la lamba kuti PLC iziwerenga mtunda m'malo mwa nthawi.

Kuyatsa koyamba

Ikani pulogalamu ya opanga kamera, monga pylon Viewer ya Basler. Makamera otsata muyezo wa GenICam amamvananso ndi mapulogalamu ena monga HALCON. Patsani kompyuta ndi kamera ma IP osasintha a gulu limodzi, mwachitsanzo 192.168.10.1 ndi 192.168.10.2, pa khadi ya netiweki yosiyana ndi ya intaneti ya mu ofesi. Tsegulani jumbo frames pa khadiyo, pa 9,000. Kamera ikapanda kuoneka pa mndandanda, yambani mwayang'ana firewall musanaganize kuti yafa.

Zimitsani zonse zodzisintha zokha, auto exposure ndi auto gain. Lembani exposure munawerengera ija, gain ikhale pansi, kenako onjezani kuwala mpaka chithunzi chioneke. Kabowo ka lenzi kakhale pakati pa f/4 ndi f/8. Mukakatsegula kwambiri, pamwamba pa botolo paoneka bwino koma pansi posaoneka. Imikani katundu weniweni pamalo ake, kulitsani chithunzi pa sikirini, potokolani lenzi mpaka m'mphepete muthwe, ndipo mumange timasikuluwu tiwiri ta pa lenzi. Tikasiyidwa, kugwedera kwa makina kudzasuntha lenzi pang'onopang'ono popanda wokhudza.

Sungani zonse mu User Set ya kamera, muisankhe kuti ndiyo iziyamba poyatsa. Mukaiwala, magetsi akangothima kamodzi kamera ibwerera mmene inachokera kwa opanga. Sunganinso fayilo pa fulashi, ndipo lembani pa khadi lomata pa makina mtunda wa kamera, wa nyali ndi manambala onse.

Poyesa, sonkhanitsani katundu wabwino wochokera m'mashifiti osiyana ndi katundu woipa wa chilema chilichonse chimene mukuchidziwa. Muyendetseni pa liwiro lenileni la ntchito, osati lochedwetsa.

Tsiku ndi tsiku

Shifiti ikamayamba, woyendetsa makina adutsitse katundu woipa wosungidwa uja, wolembedwa chizindikiro. Kamera ikamulola kudutsa, lamba aime mpaka chifukwa chipezeke. Galasi la kutsogolo lipemereredwe ndi kapampu kam'manja, kenako lipukutidwe ndi kansalu ka magalasi. Malaya ndi thonje la makina zimakanda, ndipo mpweya wa kompulesa umabwera ndi mafuta.

Katundu wotayidwa akachuluka mwadzidzidzi, musayambe ndi kufewetsa malire mu pulogalamu, ngakhale abwana akukalipa kuti ntchito yaima. Onani chithunzi chenicheni kaye. Chikadera, nyali yakalamba kapena galasi lada. Chikapakika, wina wakweza liwiro la lamba. Katundu akaoneka pambali pa chithunzi, sensa yasuntha. Zithunzi zoduka mizere yakuda ndi vuto la chingwe kapena khadi ya netiweki. Zithunzi ziwiri pa botolo limodzi zikutanthauza kuti sensa yaombera kawiri, ndipo mukweze debounce.

Kamera, nyali ndi kompyuta zikhale pa UPS yokhala ndi chotetezera ku mphenzi, popeza mphindi yosinthira ku jenereta ndiyo imaononga zipangizo zotere. M'sitolo ya fakitale musunge chingwe, sensa ndi nyali zapadera, chifukwa izi ndizo zimayamba kufa, ndipo nyali yoitanitsa kunja imatenga masabata kuti ifike.